Dothi la m'matumba latopa: ndilitaye kapena ndilikonze?

Funso: Ndimakhala nyumba ya lendi pamdadada ku Area 25 ku Lilongwe, ndipo bwalo lonse n'losimenta. Chaka chatha ndinadzala repu, mpiru ndi matimati m'matumba ndi m'ndowa zakale, zinachita bwino kwambiri. Chaka chino ndadzalanso m'dothi lomwelo, koma masamba ndi achikasu, mbewu zapinimbira, dothi lauma ngati njerwa moti madzi amangodutsa m'mbali. Matimati ena anangofota ali obiriwira. Kodi dothili ndilitaye ndikagule lina? Anzanga akuti ndipange manyowa ndekha, koma sindidziwa poyambira, komanso ndikuopa fungo ndi makoswe poti tili pafupi ndi anthu ena. Ndine mayi wa ana atatu.

Yankho: Mayi, dothilo musataye. La m'matumba momwe matimati anafota lokha ndilo muliike pambali, lisasakanikirane ndi linzake, chifukwa mlandu wake ndi wina ndipo tiufikira. Lotsalalo silinafe ayi. Lili ndi njala, komanso labanika. Chandisangalatsa m'funso lanu n'chakuti mavuto awiri mwatchulawo amathetsana okha. Dothi lakalelo ndi limene lidzaphimbe zinyalala za kukhitchini kuti zisanunkhe, ndipo zinyalalazo zikaola ndi zimene zidzabwezere dothilo mphamvu.

Muyambe mwamvetsa chimene chachitika m'thumbamo. M'munda, mbewu ikamaliza chakudya cha pamwamba mizu imatsika pansi kapena kutambalala m'mbali. Masamba amagwa n'kuolera pomwepo, nyongolotsi ndi chiswe zimatembenuza nthaka usiku ndi usana. M'thumba mulibe zonsezo. Repu wanu ali ndi dothi lokwana ndowa imodzi kapena ziwiri, basi. Tsamba lililonse munathyola chaka chatha linachoka ndi nayitirojeni, mchere wobiriwitsa masamba, wa m'dothimo kupita naye mu mphika, ndipo madzi othirira m'mawa ndi madzulo ankakokolola wina n'kutulukira naye pansi, pakuti mchere umenewu suchedwa kusungunuka. Tizinyalala toolerana timene tinkafewetsa dothi lija nato tinapitiriza kuola mpaka kutha, ndipo kuno kwathu kotentha zimenezi zimachitika msanga. Mwina munaona kuti dothi latsika ndi zala zitatu kapena zinayi chikhalirecho simunatapemo. Chatsikacho ndi timipata ta mpweya. Timipatato tikatsekeka, dothi likauma limasanduka chibuma, limakhwinyata n'kusiya mpata m'mphepete mwa ndowa, madzi n'kumathawira mmenemo osafika pa mizu. Mukathira ochuluka kuti lifewe, limakhala phala, mizu n'kusowa popumira.

Masamba akayamba chikasu kuchokera pansi, akuluakulu aja, kawirikawiri ndi njala ya nayitirojeni. Apa ndi pomwe ambiri amathamangira yureya. Yureya amathetsa njala, koma samasula dothi, ndipo m'dothi lothinana mchere wake umaunjikana n'kuotcha mizu. Mukaona kanthu koyera ngati ufa pamwamba pa dothi kapena m'milomo ya ndowa, ndiwo mcherewo. Umachokera ku feteleza, ku madzi ena a pamjigo, komanso ku madzi ochapira a sopo wa ufa. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo zamasamba thirirani, koma ochapira zovala asapite m'matumba.

Tsono ntchito yoyamba ndi kukhuthula. Yalani lona kapena chiguduli pasimenti, mukhuthule thumba limodzi panthawi, ndipo musanaphwanye chibumacho muyang'ane mizu. Mizu ndiyo ikuuzeni ngati dothi langotopa kapena likudwala. Yabwino imakhala yoyera ndi yolimba. Ikakhala yakuda, yoterera ndi yonunkha, mbewu inkamira m'madzi, ndipo vuto ndi mabowo a pansi. Ikakhala yotupatupa, ya mfundo ngati mikanda yovekedwa pa ulusi, muli timinyongolotsi tating'ono tosaoneka ndi maso timene alangizi amati manematodi. Timakonda matimati, therere ndi karoti. Musasokoneze mfundo zimenezi ndi timibulu ta pa mizu ya nyemba, khobwe kapena mtedza. Timibulu ta nyemba timakhala tomatirira pambali pa muzu, timathothoka mukatikhudza ndi chala, ndipo m'kati mwake ndi mofiirira. Timeneto n'tabwino, timatapa nayitirojeni mumpweya. Mfundo za manematodi n'kutupa kwa muzu weniweniwo, sizithothoka.

Za matimati ofota ali obiriwira, ndikukayikira kwambiri matenda a bakiteriya wotchedwa Ralstonia solanacearum, amene amatseka misempha ya madzi m'tsinde. Mbewu imagwa masana, usiku n'kudzuka pang'ono, pakapita masiku ochepa yagweratu, masamba osasintha mtundu. Ngati pakadali tsinde lina lofota lomwe silinaume, yesani motere: lidule pafupi ndi dothi, muviike nsonga yodulayo m'tambula ya galasi ya madzi oyera, osagwedeza. Pakapita mphindi zochepa, mukaona tiulusi toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera pa tsindelo, ndi matendawo. Mankhwala opopera ake palibe, ndipo bakiteriyayu amakhala m'dothi kwa zaka. Zitsinde zimenezo muotche, zisalowe m'manyowa. Dothi lake musadzalemonso matimati, tsabola, mabiringanya kapena mbatata ya kachewere, poti zonsezi n'za mtundu umodzi ndipo zimadwala matenda amodzimodzi. Mukhoza kudzalamo anyezi, mpiru, repu kapena chimanga, koma thumba lake likhale kumunsi kwa anzake, kuti madzi otuluka mmenemo asayenderere kupita ku matumba ena. Ndowa zake mutsuke ndi Jik, kapu imodzi pa makapu 9 a madzi, ndipo khasu kapena kamtengo kokumbira muzitsuka musanakagwiritse kwina.

Dothi la manematodi likhoza kuchizidwa mwaulere, ndipo bwalo lanu losimentalo likuthandizani. Linyowetseni bwino, muliyale m'pepala la pulasitiki loonekera m'kati, kuchindikala kwake kusapitirire chikhatho chimodzi ndi theka, mupinde ndi kutsekeratu m'mbali kuti nthunzi isatuluke, kenako mulisiye padzuwa milungu 4 mpaka 6. Nthawi yake ndi Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Novembala, dzuwa likamaswa mtengo. Kutentha kwachinyezi kumapha manematodi ambiri, njere za udzu ndi nkhungu zina zoyambitsa matenda. Dothi louma silitenthetsa mokwanira, n'chifukwa chake ndati munyowetse. Njira imeneyi imapha ndi tizilombo tothandiza tomwe, choncho dothi limene mizu yake mwaipeza yoyera musalivutitse nayo. Pa matenda ofotetsa aja musaidalire, amatha kupulumuka.

Dothi labwinolo muliphwanye ndi manja, muchotse zitsa ndi mizu ikuluikulu, mbozi zoyera zopindika muzipereke kwa nkhuku. Timizu ting'onoting'ono tisiyeni, tiolera momwemo. Ngati munaona mchere woyera uja, palani kagawo ka pamwambako mukataye. Mukatero muliunjike pamthunzi, chifukwa ntchito yake yoyamba ndi ya m'manyowa.

Manyowa amapangidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, inu ntchito yanu n'kutidyetsa. Timafuna zinthu zouma, zinthu zaziwisi, chinyezi ndi mpweya. Zouma ndi monga masamba ogwa m'mitengo, udzu wouma, mapesi oduladula, makoko a mtedza, mankhusu a mpunga, makatoni ong'ambang'amba ndi utuchi. Zimenezi zili ndi kaboni wambiri, ndiyo nsima ya tizilomboto. Zaziwisi ndi makoko a nthochi, a mbatata, a mapapaya, mapesi a ndiwo zamasamba, masamba a tiyi, udzu wongodulidwa kumene, zitosi za nkhuku ndi ndowe. Izi zili ndi nayitirojeni, ndizo ndiwo zake. Akatswiri amati kuola kumayenda bwino kaboni akakhala magawo 25 mpaka 30 pa gawo limodzi la nayitirojeni. Inu simukufunika sikelo. Pa mbale imodzi ya zaziwisi muziika mbale ziwiri za zouma, ndipo mphuno idzakuuzani ngati mwalakwitsa. Utuchi wokha muchepetse, chifukwa kaboni wake amapitirira magawo 200 pa limodzi, ndiye umachedwa kuola. Masamba a mango ndi a bulugamu nawonso ndi ouma mtima, muziwaphwanyaphwanya kaye.

Vuto lalikulu la anthu a m'tauni ndi zouma. Zaziwisi zimatuluka m'khitchini tsiku ndi tsiku, koma zouma munthu amazikumbukira chigubu chitayamba kale kununkha. Chonde, musanaike khoko ngakhale limodzi, dzazani matumba awiri a masamba ouma muwasunge posavumbwa. Miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala masamba amayoyoka paliponse ndipo anthu amangowasesa n'kuwaotcha. Zimandipweteka mtima kuona utsi umenewo m'makwalala madzulo aliwonse, anthu omwewo mawa lake n'kumadandaula mtengo wa feteleza. Pemphani masambawo asanayatse. Mankhusu a mpunga amapezeka kuzigayo za mpunga, makoko a mtedza kwa osenda mtedza.

Alangizi kumudzi amaphunzitsa njira zingapo: manyowa a m'dzenje, a chimato omwe mulu wake umamatidwa ndi matope kuti usunge chinyezi, ndi a changu omwe amatembenuzidwa pafupipafupi kuti apse msanga. Dzenje limathandiza m'chilimwe, koma m'dzinja limadzadza madzi, ndiye nthawi ya mvula mulu wa pamtunda ndiwo wabwino. Kusanjikiza zouma, zaziwisi ndi dothi pomanga mulu kunatchuka padziko lonse ndi Albert Howard, amene anagwira ntchito ku Indore m'dziko la India kuyambira 1924 mpaka 1931, ndipo zambiri anaziphunzira kwa alimi a kumeneko. Mulu ukakhala waukulu, osachepera mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, umatentha m'kati kufika madigiri 55 mpaka 65. Kutentha kumeneko ndi kumene kumapha njere za udzu ndi majeremusi ambiri. Mukazika ndodo pakati n'kuizula patapita masiku atatu kapena anayi, imatuluka yotentha ndi yonyowa.

Pamdadada malo otero mulibe, choncho ndikuuzeni zoona: manyowa a m'chigubu satentha choncho. Amafunda pang'ono chabe, amatenga nthawi yaitali, ndipo chilichonse choipa mwaikamo chidzatuluka chamoyo. Amapsa ndithu, koma muyenera kusamala ndi zolowamo.

Pezani chigubu cha pulasitiki chokhala ndi chivundikiro, cha malita 50 kapena kuposa. Ndowa ziwiri za malita 20 nazo zimagwira ntchito. Chisakhale choti munali mafuta a galimoto kapena mankhwala. Tenthetsani msomali pambaula muboole mabowo ambiri m'mbali monse ndi pansi, ang'onoang'ono oti khoswe sangalowe. Chiikeni pa njerwa, pamthunzi, ndi kambale pansi kolandira madzi odontha. Pansi penipeni muike timitengo kapena zitsononkho kuti mpweya uzilowa, pamwamba pake zouma zochindikala chikhatho chimodzi. Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse muzithira za kukhitchini mutaziduladula, kenako zouma kawiri kuchuluka kwake, n'kumaliza ndi manja awiri a dothi lakale lija. Mukatseka chivundikiro pasaoneke khoko lililonse. Dothilo limatsekereza ntchentche, limamwa madzi otuluka m'zinyalala, limagwira fungo pamodzi ndi nayitirojeni amene akanathawira mumpweya, komanso limabweretsa tizilombo toyambitsa kuola. Simukufunika kugula mankhwala alionse ofulumizitsa. Mukapeza zitosi za nkhuku kapena ndowe za mbuzi, kapu imodzi pa mlungu imafulumizitsa kuposa chilichonse cha m'botolo.

Chinyezi muziyesa ndi dzanja. Tapani za m'kati mufinye. Zikamamveka zonyowa koma n'kungotuluka dontho limodzi kapena awiri, zili bwino. Madzi akamachucha m'zala, zanyowetsa, onjezani zouma. Zikamwazika mukatambasula dzanja, wazani madzi. Kamodzi pa mlungu vundulani ndi mtengo mpaka pansi, kapena khuthulirani mu ndowa ina kuti za pansi zibwere pamwamba. Chigubu chikadzadza musaonjezemonso kanthu. Yambani china, choyambacho muzingochivundula ndi kuchiwaza madzi. M'nyengo yotentha dikirani miyezi 3 kapena 4 kuchokera tsiku munasiya kuikamo, m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi zimachedwerapo.

Makoswe amabwera ndi chakudya chophika. Mkute wa nsima, mpunga, mafupa, mitu ya usipa, msuzi wamafuta, zonsezi zisalowe m'chigubu, kuti musaitane makoswe. Chimbudzi cha galu ndi mphaka, matewera a ana, mabatire, mapepala a pulasitiki ndi utuchi wa matabwa opakidwa mankhwala kapena penti nazonso ayi. Udzu wokhala ndi njere monga chisoso ndi bonongwe wokhwima udzamera m'matumba anu onse. Kapinga, dawe ndi khovani zimaphukanso ngakhale kachidutswa kakang'ono, choncho muziyanike pasimenti mpaka ziume gwa musanaziganizire. Makoko a mazira ndi abwino mukawasinja. Makoko a malalanje ndi anyezi alibe vuto akakhala ochepa.

Phulusa anthu amalikonda mopitirira. Lili ndi potaziyamu ndi kashiyamu, michere ina yofunika ku mbewu, ndipo limachepetsa asidi m'dothi, koma likachuluka, makamaka likakumana ndi zitosi zaziwisi, limathamangitsa nayitirojeni kupita mumpweya. Kadzanja kamodzi pa mlungu n'kokwanira, ndipo likhale la nkhuni kapena makala, osati la pamoto wootchera zinyalala. Koma zinyenyeswa za makala zotsala pansi pa thumba musataye. Zisinjeni pang'ono muziike m'chigubu. Sizivunda, zimamwa chakudya cha m'manyowamo n'kuchisunga, ndipo m'thumba zimathandiza dothi kukhala lomasuka kwa zaka.

Mphuno ndi maso zikuuzani zambiri. Fungo la mazira ovunda likutanthauza kuti madzi achuluka ndipo mpweya mulibe: khuthulani, sakanizani ndi zouma zambiri, bwezerani mosatsendera. Fungo loboola mphuno ngati la mkodzo likutanthauza kuti zaziwisi kapena zitosi zachuluka, ndipo chimene mukumvacho ndi chakudya cha mbewu zanu chikuthawa. Onjezani zouma ndi dothi. Nyerere zikamanga m'kati, mwauma. Mphutsi zikuluzikulu zotuwa kapena zakuda zisakuopseni, ndi ana a ntchentche ina yakuda yooneka ngati mavu, yosatera pa chakudya. Zimadya zinyalala mofulumira ndipo nkhuku zimazikonda kwambiri. Zikakunyansani, chepetsani chinyezi, zichoka zokha. Chigubu choyenda bwino chimamveka fungo la nthaka ya m'nkhalango, ndipo aneba sadziwa n'komwe kuti chilipo.

Pali njira ina yachidule imene ndimaikonda kwa anthu ongoyamba, chifukwa safunika chigubu. Tengani thumba lomwe mudzadzalemo. Ikani dothi lakale chikhatho chimodzi, za kukhitchini zoduladula zala zitatu pamodzi ndi timasamba touma, dothi linanso chikhatho chimodzi, choncho mpaka thumba litadzadza, pamwamba pathere dothi lochindikala. Wazani madzi, phimbani ndi katoni, lisiyeni milungu 6 mpaka 8. Mukadzafukula mudzapeza makoko atha, dothi lada ndipo lafewa. Sakanizani bwino, dikirani mlungu wina, dzalani. Mukamachita thumba limodzi pa milungu iwiri iliyonse, pofika mvula mudzakhala ndi matumba angapo okonzeka pamene chigubu chikupsa.

Cholakwika chimene ndachiona kawirikawiri pa ntchito yanga n'kuthira manyowa osapsa. Munthu waona zada, wati zatheka. Manyowa osapsa akalowa m'thumba, tizilombo timapitiriza kuola ndipo timalanda nayitirojeni wa m'dothi kuti timalize ntchito yathu, mbande n'kusanduka zachikasu kuposa poyamba. Amakokanso chiswe, ndipo asidi wake amaotcha timizu tanthete. Manyowa akupsa ndi akuda, ofumbutuka, ozizira, simungazindikire kuti ili linali khoko la nthochi, ndipo amatsika kufika pafupifupi theka la mmene analili. Mukakayikira, tapani pang'ono onyowa mumange m'kajumbo masiku atatu. Mukamasula n'kumva fungo lowawasa kapena lovunda, sanapse. Njira ina ndi kufesa njere 10 za mpiru m'kapu ya manyowa osakaniza ndi dothi, ndi zina 10 m'kapu ya dothi lokha. Za m'manyowa zikamera zochepa kapena zofooka, dikirani milungu ina iwiri kapena itatu. Akapsa, sefani ndi waya wa nkhuku kapena lichero lakale loboola, zotsala pamwamba mubwezere m'chigubu chatsopano.

Za zitosi ndi ndowe ndionjezepo mawu, chifukwa masamba anu akudyedwa ndi ana. Ndowe zaziwisi zimatha kukhala ndi majeremusi otsegula m'mimba monga Salmonella ndi E. coli. Malamulo a ulimi wosagwiritsa mankhwala ku United States amafuna kuti padutse masiku 120 kuchokera pothira ndowe zosaola mpaka pokolola mbewu zokhudzana ndi dothi, ndi masiku 90 pa zosakhudza dothi. Repu mumayamba kuthyola pasanathe miyezi iwiri chiokereni. Choncho ndowe zizidutsa m'chigubu kaye, poti chigubu chanu sichitentha zikhalemo miyezi inayi, ndipo muzisamba m'manja ndi sopo mukamaliza kugwira. Dothi lakuda la kudzala nalonso musakopeke nalo. Limaoneka lachonde, koma muli mabatire ophwanyika, magalasi ndi phulusa la mapulasitiki, ndipo mtovu ukalowa m'dothi suchoka.

Tsopano kusakaniza. Pa ndowa ziwiri za dothi lakale, ikani ndowa imodzi ya manyowa akupsa, ndi theka la ndowa la chomasula dothi. Mankhusu a mpunga ndiwo abwino kwambiri, makamaka oolerako kapena ootchedwa pang'ono mpaka kuda, chifukwa ndi opepuka ndipo sachedwa kupezeka. Mchenga wa kumtsinje wokhakhala umathandizanso, koma wosalala uja ukakumana ndi katondo kapena makande umangolimbitsa. Ngati dothi lanu linali lamchenga kale, chomasulacho chisiyeni, onjezani manyowa. Nyowetsani pang'ono mufinye m'dzanja: liumbike, koma mukalikhudza ndi chala liphwanyike. Likakana kuphwanyika, onjezani mankhusu. Manyowa asapitirire theka la zonse. Mbewu yodzalidwa m'manyowa okhaokha imamira m'madzi, ndipo pakapita miyezi dothi lake limatsika kwambiri.

Onaninso mabowo a pansi pa ndowa, akhale asanu kapena kuposa, otakata ngati chala. Miyala yoyala pansi pa ndowa ambiri amaikhulupirira, koma sithandiza madzi kutuluka. Madzi amaima m'dothi pamwamba pa miyalayo, ndipo mwangochepetsa malo a mizu. Kabenthu ka mbiya pa bowo kuti dothi lisatayike n'kokwanira. Podzadza musatsendere ndi manja, ingogwedezani thumba, muthirire, mudikire masiku angapo, kenako muokere. Pamwamba phimbirani ndi udzu wouma kapena mankhusu, osakhudzitsa tsinde. Pasimenti ya Okutobala, thumba losaphimbira limauma lisanafike dzuwa la masana.

Sindikufuna muganize kuti manyowa ndi feteleza wa m'thumba wongosintha dzina. Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni. Manyowa ouma olemera chimodzimodzi ali ndi pakati pa theka la kilogalamu ndi kilogalamu imodzi, ndipo amamutulutsa pang'onopang'ono. Mphamvu yawo yaikulu ili pa kumasula dothi, kusunga chinyezi, kubwezera zamoyo ndi timichere tina ting'onoting'ono timene yureya alibe. Repu ndi mpiru zothyoledwa mlungu ndi mlungu zimadya kwambiri, choncho pa milungu itatu kapena inayi iliyonse muzithira manja awiri a manyowa pamwamba. Ngati kufupi kwanu kuli deliya, chitsamba cha maluwa achikasu chomera m'mbali mwa misewu ndi m'makhwawa, mwapeza chuma: masamba ake akauma amakhala ndi nayitirojeni pafupifupi magawo 3.5 pa 100, ndi potaziyamu wochuluka. Aikeni m'chigubu, kapena dzadzani ndowa theka ndi masamba oduladula, muthire madzi, muvundikire milungu iwiri, kenako musungunule ndi madzi ena mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka, muthirire pa dothi osati pa masamba. Madzi amenewa amanunkha, ndiye pamdadada pangani ochepa. Masamba akapitirira kuchita chikasu ngakhale dothi lamasuka, kachitsekerero ka botolo ka feteleza pa thumba, kutali ndi tsinde, n'kuthirira bwino, si tchimo. M'dothi la manyowa feteleza wochepa amagwira ntchito yaikulu chifukwa sakokoloka msanga.

Mudzamvanso za manyowa a Mbeya, osakaniza madeya, phulusa, ndowe, madzi ndi feteleza pang'ono, n'kumanga m'thumba masiku 21. Amenewo cholinga chake n'kutambasula feteleza wochepa kuti akwane munda wa chimanga. Vuto lanu lalikulu ndi dothi lothinana, choncho yambani ndi a zinyalala.

Matumba muwalembe manambala ndi makala kapena penti, ndipo muzikumbukira chomwe munadzalamo. Momwe munali matimati mubwere mpiru kapena anyezi, momwe munali repu mubwere nyemba kapena khobwe, zimene zikupatsaninso khwanya ndi chitambe. Matimati amene mudzadzalenso apite m'dothi lomwe simunakhalepo matimati, ndipo mbande zake mufese nokha m'dothi loyera, chifukwa matenda ofotetsa ndi manematodi nthawi zambiri amafika pakhomo ndi mbande zogula. Kupima dothi kumalo ofufuzira za ulimi a ku Chitedze kapena ku Bvumbwe n'kofunika kwa mlimi wa munda waukulu, kwa matumba khumi mizu ndi masamba zikuuzani zokwanira.

Mvula ikayamba, kwezani matumba ndi ndowa pa njerwa kuti zisakhale m'madzi oima pasimenti, chigubu chikhale pansi pa khonde chotseka bwino, ndipo matumba a masamba ouma aja akhale podalirika, pakuti kuyambira Disembala mpaka Malichi zouma zimasowa pamene zaziwisi zili mbwee.